Mafunso pa Chichewa: Kusainira, thangata ndi sitalaka

Mayi wina wa ku Zomba wafunsa kuti: "Pa wailesi amati Malawi idasainira mapangano a bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO oteteza anthu apantchito, ena amati lidasainira. Cholondola n'chiti? Nanga akasainira ndiye kuti lasanduka lamulo?"

Mayi, mukati "dziko la Malawi" mneni atsate dziko: lidasainira. Mukangoti "Malawi", ambiri amati idasainira ndipo palibe vuto. Chopweteka m'khutu ndi "dziko la Malawi idasainira".

Funso lanu lachiwiri ndiye lalikulu. Mapangano a ILO boma limachita kuwavomereza, choncho mawu abwino ndi "lidavomereza". Malawi idalowa m'bungweli mu 1965, ndipo mu 1999 idavomereza mapangano oletsa ntchito yokakamiza, oletsa kugwiritsa ana ntchito ndi lija lopatsa antchito ufulu wokhala ndi mabungwe awo. Koma gawo 211 la malamulo oyendetsera dziko limati pangano lotere limakhala lamulo la kuno ngati Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa zimenezo. Wolemba nkhani asiyanitse kuvomereza pangano ndi kuliika m'malamulo. Akazisakaniza, mlonda amene wachotsedwa ntchito amaganiza kuti pepala la ku Geneva, kulikulu la ILO, limukwanira, pamene ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations adzayamba kutsegula lamulo la ntchito la Employment Act la 2000.

Bambo wina wa ku Kasungu wafunsa kuti: "Kodi utenanti wa m'maesiteti a fodya tingautche thangata?"

Bambo, kuthangata kwa makolo athu kudali kuthandizana, monga kulimirana m'munda. Azungu a maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ndiwo adawasandutsa mawuwa kukhala lendi yolipira ndi thukuta: ukhale pamalo panga, undigwirire ntchito. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zili m'gulu la zomwe zidautsa mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915.

Utenanti ndi wa pambuyo pake ndipo umayenda mwa njira ina. Tenanti amatenga chimanga ndi feteleza pangongole, n'kugulitsa fodya wake kwa mwini esiteti yemweyo pamtengo woikidwa ndi mwiniyo. Chaka chikatha ngongole isanathe, sangachoke, ndipo mkazi ndi ana amakhala atalowa kale m'munda popanda malipiro awoawo. N'chifukwa chake mu 2019 dziko la America lidayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi m'madoko ake, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha Employment Act n'kuletsa utenanti. Polemba nkhani ya kukhoti, ine ndimalangiza "utenanti" kapena "ntchito yokakamiza", poti ndi zomwe lamulo likukamba. Koma tenanti amene wabwerera kwawo ku Mulanje chimanjamanja akati "lija linali thangata", sindingamukonze. Mawuwa akuwadziwa kuposa ine.

Mphunzitsi wina wa ku Dedza wafunsa kuti: "Tizinena kuti kunyanyala ntchito kapena sitalaka?"

Aphunzitsi, onse ndi mawu a Chichewa tsopano, koma kulemera kwake n'kosiyana. Kunyanyala kumakumbutsa mwana wokana nsima chifukwa wakwiya, ndiye mutu wa nkhani ukati "anamwino anyanyala", owerenga ena amawaweruza asanamve dandaulo lawo. Sitalaka ilibe fungo limenelo, ndipo ndi chinthu chomwe lamulo la Labour Relations Act la 1996 limalola akatsata ndondomeko. Lamuloli atalisintha mu 2021 lidapatsa olemba ntchito mphamvu yodula malipiro sitalaka ikapitirira masiku 3 pachaka, zomwe bungwe la MCTU, loyimira mabungwe a antchito m'dziko muno, lidatsutsa kwambiri. Pankhani ngati imeneyo ine ndingalembe "sitalaka". Kunyanyala ndingakusungire anthu amene angotaya makasu osadziwitsa aliyense.