Phiri la Dedza amayi atha kukwera, bola musadule njira

Achemwali mwati mukufuna kukwera phiri ndi amayi anu a zaka za m'ma 50 komanso ana awiri, simunakwerepo chibadwire, Mulanje mukuliopa, ndiye mukufunsa ngati la Dedza lili lotheka. Ine ndimakhala pa boma pompano, phirili ndimaliona ndikangotsegula chitseko m'mawa, ndiye ndiyankheko.

Ndi lotheka kwabasi. Anthu amanjenjemera akamva kuti ndi lalitali mamita 2,198 koma amaiwala kuti tawuni ya Dedza payokha ili kale m'mwamba, cha m'ma 1,600, nchifukwa chake kuno timafunda mabulangete awiri pamene anzathu ku Salima akugona pakhonde ndi thukuta. Ndiye chokwera chanu chenicheni ndi mamita 600 basi, si za Sapitwa zija, nsonga ya Mulanje ya mamita 3,002, zogona m'njira ayi. Komanso pali msewu wafumbi umene magalimoto amadzera popita ku matawa a netiweki pamwamba paja, umakhotakhota pang'onopang'ono mkati mwa mitengo ya paini, mthunzi wokhawokha, ndiye munthu umayenda ukucheza osati kukwawa ndi manja. Ndi amayi komanso ana werengerani maola atatu pokwera mukupumapuma, potsika awiri.

Koma chimene ndikukupemphani ndi ichi, tsatani msewuwo mpaka kumapeto. Mukamakwera muziona tinjira tolunjika todula makhota, timene amayi otola nkhuni amatsikira atasenza mitolo yoti inu simungainyamule ngakhale muli awiri, ndipo mwana wina adzati tidzere apa tifika msanga. Musalole. Ine ndinapita ndi azakhali anga chaka china mu Julaye, ndinawapusitsa ndekha kuti tidule, iii zimene ndinaziona. Masamba a paini ouma aja akaunjikana pansi amaterera ngati mwathira therere, umaponda ukuganiza kuti ndi pouma gwa koma phazi limangopita lokha. Azakhali anakhala pansi kawiri, chitenje chonse tizisamba tija titabaya, kenako anangovula nsapato n'kuzigwira m'manja akundinena njira yonse kuti iwe mwana wa achimwene ukufuna undiphere kuno. Tinafika mochedwa kuposa anthu amene tinawasiya akuyenda mu msewu, mpaka pano nkhaniyi imatuluka pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Nyamukani mamawa, 7 koloko muli kale m'munsi mwa phiri. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita 85 pa M1, ndiye ngati mukubwera pa minibasi bola kugona konkuno, m'mawa mukwere kabaza akakusiyeni poyambira nkhalango, onse amapadziwa. Nsapato zikhale zotseka zimene phazi linazolowera kale, masilipasi ndi nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba. Amayi apezereni ndodo, pokwera adzaikana kuti sindine nkhalamba koma potsika adzaifuna okha, mawondo amalira potsika osati pokwera.

Za kuzizira musazitenge mwachibwana. Pansi mutha kunyamuka dzuwa likuwala bwinobwino, thukuta kamukamu m'njira, koma mukangotulukira pamtunda pamene mitengo yatha mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, makamaka Juni ndi Julaye, ndipo chifunga chikabwera simuonana ndi munthu amene ali apo. Aliyense akhale ndi juzi kapena jekete m'chikwama ngakhale ana akane. Madzi botolo lalikulu aliyense, nthochi, mtedza, mbatata yophika, pamwamba palibe okala. Zakudyazo muzidya mutayang'ana uku ndi uku chifukwa anyani alimo, ndipo ana asawaponyere kanthu.

Nyengo yabwino kwa ine ndi Meyi, mvula itangotha, kukadali kobiriwira ndipo kumwamba kuli mbee. Pamenepo mumaona tawuni yonse ili pansi ngati timabokosi ta machesi, mapiri a ku Mozambique uko, mbali ya Chongoni kumene kuli zojambula za makolo m'mapanga zija bungwe la UNESCO linazilemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo tsiku likakukondani nyanja imaoneka kum'mawa ngati kansalu kotuwa. Seputembala ndi Okutobala mutha kukwera inde koma utsi wa moto wa osaka mbewa umaphimba zonse, mungokhala ndi zithunzi za nkhope zanu basi. Dzinja msewu umachita matope ndipo mphenzi pafupi ndi matawa si zocheza.

China, musapite nokha akazi ndi ana, si kuti ndikukuopsezani koma nkhalango ndi nkhalango, muli odula mitengo ndi owotcha makala amene sakondwa kuonedwa. Dzerani ku ofesi ya za nkhalango pa boma kapena funsani pamene mwagonapo akupezereni mnyamata wodziwa njira, mugwirizane mtengo musananyamuke osati mutafika pamwamba. Amayi akatopa pa matawa paja musawakakamize zopitirira mpaka pansonga penipeni, paoneka kale zonse.

Mukatsika musathamangire minibasi, dzerani pa chiwaya mudye chipisi cha mbatatesi ya konkuno chikadali chamoto, ana aja adzaiwala kuti amalira miyendo. Mukasankha tsiku lembani pompano, ngati lili Loweruka mwina ndingakuperekezeni, azakhali okha ndiye anakana kale.