Zithunzi zakale za hockey: muzitembenuze kaye musanalipire

Achimwene, mwafunsa ngati mugule bokosi la zithunzi zakale za hockey (masewera a ndodo oseweredwa pa ayezi) lomwe munthu wina akugulitsa ku Toronto, poti iye akulumbira kuti zonse n'zoyambirira. Musatulutse ndalama musanazitembenuze chimodzichimodzi. Nkhope ya katswiri wakale Maurice Richard ndi yomweyo pa chithunzi chotsukidwa mu 1950 ndi pa chimene wina watsuka chaka chatha. Umboni uli kumbuyo.

Chithunzi chomwe chinadutsa ku nyuzipepala chimakhala ndi chidindo cha wojambula kapena cha kampani ya nkhani, deti yodindidwa, ndiponso kapepala kotayipidwa, komata ndi guluu, kofotokoza amene ali pachithunzipo. Kutsogolo mungapeze mizere ya pensulo yamafuta yomwe akonzi ankasonyezera podula. Musaifufute, ngakhale ikuoneka ngati litsiro.

Kampani ya PSA, yomwe imatsimikizira zinthu zakale zamasewera ngati n'zenizeni, imazigawa m'magulu anayi, ndipo mitengo imatsatira pomwepo. Type I ndi chotsukidwa kuchokera ku negetivi yeniyeni pasanathe zaka ziwiri chijambulireni. Anthu amalimbirana chimenechi. Type II n'cha negetivi yomweyo koma chotsukidwa mochedwa. Type III ndi Type IV n'zochokera ku makope. Zotumizidwa pa waya wa lamya, monga zambiri za makampani a nkhani a AP ndi UPI, zimagwera kumeneku: mawu ofotokozera ali m'kati mwa chithunzicho, ndipo mukayang'anitsitsa muona timizere. Sizabodza ayi, koma munthu asakulipiritseni ngati n'zoyambirira.

Gwiraninso pepalalo. Loterera ngati pulasitiki mbali zonse ziwiri linafala cha m'ma 1970. Mukaona wosewera Howie Morenz, yemwe anamwalira mu 1937, ali pa pepala lotero, funso latha: sichoyambirira.

Mabokosi a ku Ontario nthawi zambiri amadzaza ndi za Bee Hive. Kuyambira 1934 mpaka 1967, St. Lawrence Starch Company ya ku Port Credit, ku Ontario komweko, inkatumiza chithunzi cha wosewera kwa mwana aliyense wotumiza chizindikiro cha pachitini cha manyuchi awo a chimanga otchedwa Bee Hive. Ndiye zilipo mbwee, ndipo za akatswiri otchuka kawirikawiri sizidula, chifukwa mwana aliyense ankaitanitsa omwewo. Chosowa ndi cha wosewera amene anangokhala nyengo imodzi m'timu, ana osamulabadira n'komwe. Ine ndimazikonda izi kuposa zina zonse, ndipo kwa woyamba kumene mpoyambira pabwino.

Chenjerani ndi zotchuka kwambiri. Cha Bobby Orr akuuluka atagoletsa chigoli chopatsa Boston chikho cha Stanley, chachikulu kwambiri mu hockey, pa 10 May 1970, chojambulidwa ndi Ray Lussier, chatsukidwa kambirimbiri moti pafupifupi chilichonse chomwe mungachipeze m'bokosi lotere n'chamtsogolo. N'chimodzimodzi cha goloboyi Jacques Plante atavala chophimba kumaso mu November 1959. Koma mukaona chidindo cha Turofsky, abale awiri Lou ndi Nat omwe ankajambula timu ya ku Toronto ya Maple Leafs, chiikeni pambali, n'chofunika. Ntchito yawo yambiri ikusungidwa ku Hockey Hall of Fame, nyumba yosungira mbiri ya hockey komweko ku Toronto.

Mukagula, musazimate ndi selotepi, musazichite lamineti, ndipo musazisunge m'chipinda chapansi momwe muli chinyezi. Jambulani kumbuyo kwa zisanu kapena khumi, muike m'gulu muno tizione, kenako mukanenerere mtengo.