Mphwanu ali m'kaundula, nanga m'kalasi alimo?

Achimwene ena a cha ku Makanjira, amene pano akugwira ntchito ku Johannesburg, anditumizira imelo sabata yatha. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, n'kulowa m'nyanja, kenako n'kubwera kuno. Pano ndikulipirira mwana wa mlongo wanga, ali Fomu 2 pa CDSS. Ndimamva kuti ana a masiku ano sakusiya sukulu ngati mmene tinkachitira ife. Koma ndikaimba kumudzi, mayi ake amangodandaula kuti mwana sakumva, usiku amakhalira foni ya mnzake, ndipo tsopano akuti ndimugulire yake. Kodi zinthu zasinthadi, kapena ndikungotaya ndalama?"

Achimwene, zimene munamvazo si bodza. Ana akukhalitsa pasukulu kuposa nthawi yanu. Koma mlongo wanunso sakunama, ndipo zinthu ziwirizi sizikutsutsana ayi.

Tiyambe ndi chimene chinakuchotsani inuyo. Kale mnyamata wa m'mbali mwa nyanja akangotuluka ku jando ankadziona kuti wakula, ndipo ntchito inali pakhomo pomwepo. Usiku umodzi wa usipa wabwino, wokoka nawo chilimira ankabwerako ndi ndalama yoti mphunzitsi wake aidikire masiku angapo. Ndiye ndani akanamuuza kuti akakhale pansi pa mtengo n'kumaloweza matebulo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, koma kuno kwathu ambiri ankangolowera khomo ili n'kutulukira linalo asanafike Sitandade 5.

Lero nyanja ija siikukoka ana ngati kale, chifukwa nayonso yatopa. Funsani a ku nyanja ya Malombe za chambo: chinayamba kusowa m'zaka za m'ma 1990, anthu n'kutsalira kambuzi. Kunyanja yaikulu maboti achuluka, mafuta a injini akwera, ndipo alovi, aganyu okoka ukonde aja, akagawana zotsala mwini zida atachotsa zake, nthawi zina zimangokwana ndiwo. Mnyamata wanzeru amaona zimenezi. Ndikunena izi dala, chifukwa pamisonkhano timakonda kuyamikira mapulojekiti okha, pomwe ana ena akhala pasukulu chifukwa choti njira zotulukira zachepa.

Kwa atsikana kusintha n'kwakukulu kwambiri, ndipo apa malamulo agwiradi ntchito. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati lonena kuti zaka zokwatira ndi 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko n'kutseka kampata kamene kankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Mafumu anaika malamulo a m'midzi, ena n'kumalipitsa mbuzi kholo lokwatitsa mwana. Dzina la Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza linamveka dziko lonse pothetsa maukwati a ana, ndipo zinapatsa mphamvu mafumu ena. Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti pafupifupi theka la amayi a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike 18. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 42 pa 100 aliwonse, ndipo wa 2019 mpaka 2020 anapeza 38. Kutsika kulipo, ngakhale kukuyenda ngati kamba. Onjezani phala la kusukulu, amayi a Mother Group amene amalondola mwana mpaka pakhomo akajomba, ndalama za Mtukula Pakhomo, ndi lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, limene lilipo kuyambira 1993 koma anthu ambiri ayamba kulidziwa posachedwapa. Ngakhale zinamwali, mafumu ambiri tsopano amalamula kuti ndagala, misasa ya jando ija, zitsekedwe sukulu zisanatsegulidwe.

Chimodzi chokha chimandidetsa nkhawa pa atsikanawa. Maukwati akutsika, mimba ayi. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali oyembekezera, kuposa 26 a mu 2010. Ndipo sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ku Mangochi kuno kunamveka za atsikana oposa 7,000 otenga mimba m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ya chakacho. Amene tinaliko sitidzaiwala mabenchi amene anatsala opanda eni ake sukulu zitatsegulidwa.

Tsopano za mphwanu.

Ndinaphunzitsapo zaka zingapo pasukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ndikuuzeni mmene kaundula amanamizira. Mwana amawerengedwa kuti wasiya sukulu akasowa osabweranso. Wobwera Lolemba ndi Lachiwiri, n'kusowa masiku atatu, n'kudzaonekeranso sabata ya mayeso, ameneyo m'mabuku ndi mwana wasukulu. Ndinali ndi mnyamata wina wa masamu oopsa amene ankasowa mwezi ukakhala mumdima, nthawi ya kauni (kupha usipa usiku ndi nyali), n'kudzabwera mwezi ukawala, maso ali psuu. Sanasiye sukulu. Anangolephera mayeso. Pa chiwerengero chimene chimapita ku boma iyeyu anathandiza kuonetsa kuti zinthu zikuyenda bwino.

Kusiya sukulu kwa masiku ano kwayamba kukhala kotero. Mwana sachita kutsanzika ngati mmene munachitira inu. Amachoka pang'onopang'ono, yunifolomu ili m'thupi. Chimene chikumukoka si ukonde wokha. Pali kabaza: mnyamata amabwereka njinga yamoto kwa mwini wake, madzulo n'kupereka ndalama yomwe anapangana, yotsalayo n'kukhala yake, ndipo tsiku la msika simungamuone m'kalasi. Pali mashowo a vidiyo ndi mpira wa ku England. Pali kubetcha, kumene ine ndimakuopa kuposa chamba, chifukwa kulibe fungo. Mwana wosuta mayi ake amamudziwa akangolowa m'nyumba. Wobetcha amaoneka waulemu, wosamba bwino, mpaka tsiku limene mudzamve kuti ndalama ya zofunika kusukulu inapita pa timu ina imene inagoletsedwa mphindi yomaliza.

Sindikuvomereza zoti ana a lero ndi oipa kuposa ife. Ambiri mwa iwo amadziwa zinthu zimene ife pa msinkhu umenewo sitinkazilota. Amayankhula za kachilombo ndi za kulera mosachita manyazi, mtsikana amatha kukanena kwa aphunzitsi kapena kwa amfumu akamukakamiza banja, ndipo ndaonapo ana a Fomu 4 akutumizirana mapepala a mayeso akale pa WhatsApp, mabuku ali osowa. Foni yomweyo imene mlongo wanu akudandaula nayo ndi imene ikuphunzitsa ena. Chimene chasintha n'chakuti kale zoipa zinkachitikira padoko, aliyense akuona, ndipo mwana wa mnzako anali wako yemwe: azakhali odutsa ankatha kumubweza ndi khutu. Pano zikuchitikira m'bulangete pakati pa usiku.

Ndiye mugule foniyo kapena ayi? Ine ndikanakhala inu sindikanakana, koma sindikanathamangiranso. Choyamba pezani nambala ya mphunzitsi wa kalasi yake, mudziwonetse kuti ndinu malume ake ndipo ndinu amene mumalipira. Aphunzitsi ambiri amasangalala wachibale akaimba, chifukwa n'zosowa. Musafunse kuti "mwanayo akuchita bwanji", adzakuyankhani kuti akuyesetsa. Funsani kuti mwezi watha wajomba masiku angati, ndipo ndi masiku ati. Akakhala a msika, mwadziwa kale nkhani yake. Chachiwiri, mlongo wanu azijambula makope a mwanayo n'kukutumizirani. Ngakhale inu munalekeza Sitandade 6, deti mumatha kuwerenga, ndipo kope limene ladumpha masabata awiri silifuna womasulira. Ndalama za sukulu muzitumiza kwa mayi ake ndipo muziona lisiti. Zimenezi zikakhala bwino teremu yathunthu, foni igulidwe, koma usiku izigona m'chipinda cha mayi ake.

Pali china chimene mwina simungakonde kumva. Pa zonse zokoka mphwanu, chachikulu si foni kapena kabaza. Ndinuyo. Mwanayo amaona malume ake amene analekeza Sitandade 6 atamanga nyumba ya malata, akubwera pa Disembala kapena pa Idi ndi nsapato zatsopano ndi wailesi yaikulu. Amaonanso mnyamata wa pakhomo loyandikana nalo amene anakhoza MSCE akugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera. Samuyo amaiwerengera yekha, ndipo yankho lake ndi pasipoti. Anyamata ambiri a kwa Makanjira, kwa Katuli ndi ku Namwera sukulu amaiona ngati podikirira basi ya ku Joni.

Inu a kumeneko mumabwera ndi katundu koma nkhani zake mumazisiya pa chipata cha Beitbridge. Mukadzaimbanso, mupemphe kuyankhula ndi iyeyo, osati mayi ake okha. Mumuuze kuti m'chipinda chimene mumagona mumakhalamo angati, lendi mumalipira zingati, mumamva bwanji galimoto ya apolisi ikaima pafupi mapepala atatha, ndiponso ntchito zingati zimene zinakudutsani chifukwa fomu yake inali ya Chingerezi. Za ku Lindela, kumene amasungirako ogwidwa opanda mapepala asanawabweze kwawo, mumazidziwa kuposa ine. Mumuuzenso zimenezo.