Achemwali, yambani ndi mphaka woimba piyano uja

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ana anu ndi agogo awo akakhalira Tom and Jerry amaseka mpaka misozi, koma inu mukayang'ana mumangoona mphaka ndi mbewa zikupwetekana, popanda ndi mawu omwe. Ndiye mukufuna kudziwa chimene chimakoma pamenepo, komanso ngati zili zoyenera ana. Ena m'gulu muno ayankha kale kuti ndi zoseketsa basi. Ine ndikuona kuti yankho limenelo lachepa, choncho mundilole nditambasule pang'ono, chifukwa makatuni amenewa ndimawakonda kuchokera pansi pa mtima.

Pempho langa ndi limodzi. Musayambe ndi zija zimangobwera motsatizana pa TV kapena pa YouTube. Sakani imodzi yokha yotchedwa The Cat Concerto, ya mphindi 7, mukweze mawu, mukhale pansi. Musaonere uku mukuphika, chifukwa theka la kukoma kwake limalowera m'makutu.

Tom akutulukira pa siteji atavala suti yakuda, anthu akuomba m'manja, iye akuwerama mwaulemu n'kukhala pa piyano yaikulu. Nkhope yake ndi ya munthu amene wakhala akukonzekera tsikuli kwa zaka. Nyimbo imene akuimba ndi Hungarian Rhapsody No. 2, imene Franz Liszt wa ku Hungary anapeka mu 1847, nyimbo yovuta imene akatswiri a piyano amaonetsera luso lawo. Chimene Tom sakudziwa n'choti Jerry wapeza pogona m'kati mwa piyanomo. Piyano ili ndi makiyi 88, ndipo ukadina kiyi, m'katimo mumadzuka kanyundo kokutidwa ndi nsalu yofewa n'kumenya nsambo. Jerry wagona pa tinyundo timeneto. Nyimbo itangoyamba, tinyundo tikumunyamula, kumugubuduzira uku ndi uku mpaka tulo tonse balala. Poyamba sakukwiya n'komwe. Akukwera pamwamba pa piyano n'kumagwedeza kachala ngati woimbitsa kwaya. Tom akumuchotsapo ndi chala chimodzi osasiya kuimba, ndipo mkangano wayambira pamenepo.

Tsono gwirani ichi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse: Tom sangasiye kuimba. M'makatuni ena amathamangitsa Jerry nyumba yonse, kutola poto, tsache, chilichonse chimene chili pafupi. Muno wamangidwa miyendo ndi manja. Holo yadzaza, ndipo noti iliyonse iyenera kulira pa nthawi yake. Jerry akumugwetsera chivindikiro cha makiyi pa zala, zala zaphwatalala, nyimbo ikupitirira. Akubwera ndi sizasi kuti adule chala, chala chikuzemba, ndipo kuzembako kukugwera m'nyimbo momwemo. Akuchotsa makiyi n'kutcherapo msampha. Tom akudina mbali iyi, kudina mbali iyo, kuulambalala, koma ife tonse tikudziwa kuti noti yapakatiyo ikubwera ndipo sangaithawe. Ikafika, phaa, chala chatupa. Pena akukwera pa piyano kusakasaka Jerry, makiyi n'kumawadina ndi zala za kumapazi kuti nyimbo isaduke.

Kupanidwa chala pakokha sikoseketsa kwenikweni. Chimene chimathyola nthiti n'choti mphakayu akumva ululu koma akulimbana kuti anthu asazindikire, nkhope akuibwezera mwakale msangamsanga ngati palibe chachitika. Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa anthu, kaya kuimbitsa kwaya kaya kuyendetsa mwambo wa ukwati, nsapato ikuluma koma uyenera kumwetulira mpaka mwambo uthe, amamudziwa Tom ameneyu. Ndikukhulupirira kuti agogo akuseka chimenechi, pamene ana akuseka chala chotupa chija. Onse akuseka nthawi imodzi, koma chowaseketsa n'chosiyana.

Nyimbo ya Liszt ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba chimayenda pang'onopang'ono molemera, oimba amachitcha lassan. Chachiwiri, friska, chimathamanga, ndipo chimanka chithamangirathamangira. Opanga katuniyi anaukuza mkanganowo molingana ndi nyimbo. Chakumapeto Tom akumuponya Jerry m'kati mwa piyano, tinyundo tikumupuntha motsatira nyimbo. Jerry atakwiya akuthyola tinyundo tiwiri n'kuyamba kumenya nsambo yekha. Tsopano woimba weniweni ndi Jerry, ndipo Tom akuthamangitsa nyimbo ndi zala kuti anthu aziganiza kuti ndi iyeyo. Nyimbo ikuoneka ngati yatha, Tom akuti apumeko, Jerry akuiyambitsanso mothamanga kuposa poyamba. Yathanso, wayambitsanso. Suti ikung'ambika, mphamvu zatha, Tom akugwera pa piyano ali wefuwefu. Nyali ikuunika Jerry, ndipo m'manja monse mukupita kwa iye.

Pamenepo ine ndimaseka, koma ndimamumveranso chisoni Tom. Ndili mwana ndinali mbali ya Jerry, monga tinkakhalira mbali ya Kalulu pa nthano, wamng'ono wochenjera akamapusitsa Njovu kapena Fisi. Mpaka lero pakamwa panga pamakana kumutcha khoswe, ngakhale kwathu kuno wokhala m'nyumba ndiye khoswe, mbewa ndi yakutchire. Koma nditakula ndinayamba kuona kuti Tom anabwera kudzagwira ntchito imene anaikonzekera, n'kuchokapo wopanda kanthu. Jerry naye anali m'tulo, sanapute munthu. Nthawi iliyonse ndikaonera ndimasintha mbali.

Anthu amene anapanga zimenezi anali amisiri enieni. William Hanna ndi Joseph Barbera ankagwira ntchito ku kampani ya MGM ku California. Katuni yawo yoyamba ya mphaka ndi mbewa, Puss Gets the Boot, inatuluka mu 1940, ndipo mmenemo mphakayo dzina lake linali Jasper. Kuyambira pamenepo kufika 1958 anatulutsa makatuni 114. Barbera ankakonza nkhani ndi kujambula zithunzi zoyambirira, Hanna ankawerengera nthawi, kuti chala chitsike liti, nkhope isinthe liti, pakhale chete kwa nthawi yaitali bwanji. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndiye pa mphindi 7 zimapitirira 10,000, ndipo nthawi imeneyo kunalibe kompyuta yoti ithandize. Zonse zinali pensulo, pepala, inki ndi penti. Mu The Cat Concerto ojambula mayendedwe anali Kenneth Muse, Ed Barge ndi Irven Spence, ndipo nyimbo za makatuniwa ankayang'anira Scott Bradley. Mukamaonera kachiwiri, siyani nkhope, muyang'ane manja a Tom okha. Dzanja likapita kumanja mawu akukwera, likabwerera kumanzere akutsika, ndipo kugunda kulikonse kukugwera pa noti yake. Msampha uja ukanafwamphuka mochedwa ndi theka la sekondi, palibe akanaseka.

Dziwaninso kuti makatuni amenewa sanapangidwire ana okha. Ankaonetsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu, filimu yaikulu isanayambe, ndipo ambiri odzaza mipando anali akuluakulu amene alipira tikiti. Choncho agogo akamaseka, akuseka chinthu chimene anapangira anthu a msinkhu wawo.

Katuniyi inapata Oscar, mphotho yaikulu ya mafilimu ku America, mu March 1947, ndipo inali yachinayi motsatizana kwa Tom and Jerry. Zonse pamodzi zinakwana 7. Chimene chimandiwawa n'choti dzina lolembedwa pa mphothozo linali la Fred Quimby, bwana wa nthambi ya makatuni, pamene ogwira ntchitoyo anali anthu ena. Panalinso mkangano ndi kampani ya Warner Bros., imene chakumapeto kwa 1946 inatulutsa Rhapsody Rabbit ya Friz Freleng, mmene kalulu Bugs Bunny akuimba nyimbo yomweyo ya Liszt uku akulimbana ndi mbewa ya m'piyano. Makampani awiriwa analozana zala, aliyense kunena kuti mnzake waba nzeru. Ndaonera zonse ziwiri. Ya Bugs ndi yokoma, koma Bugs ndi chitsiru chadala, amadziwa kuti akuseketsa. Tom sakufuna kuseketsa munthu, akufuna kuimba bwino, ndipo n'chifukwa chake yake imandikomera kwambiri.

Mwina zimene inu munaona n'kugwa nazo ulesi ndi za m'mbuyo mwake. MGM itatseka nthambi yake ya makatuni mu 1957, Gene Deitch anapanga ena 13 ku Prague mu 1961 ndi 1962, kenako Chuck Jones anapanga 34 kuyambira 1963 mpaka 1967, ndipo ena ambiri a pa TV anabwera pambuyo pake. Dzina ndi lomwelo koma dzanja ndi losiyana, ndipo pa intaneti amangozisakaniza.

Zoti salankhula, kwa ine ndi mphamvu yake. Mafilimu a ku China kapena ku India kuno amafunika anyamata aja omasulira m'Chichewa kuti anthu atsatire. Tom ndi Jerry safuna womasulira. Mwana wosayamba sukulu ndi gogo wosamva Chingelezi amamva chimodzimodzi.

Tsono za ana. Kumenyana kulipodi, sindingakunamizeni. Koma magazi mulibe, ndipo Tom akaphwatalala amabwerera mwakale pa sekondi yotsatira. Kwa ana ang'onoang'ono ndi bwino wamkulu akhale pafupi n'kunena momveka kuti chala chenicheni chikalowa mu msampha kapena mu sizasi sichichira chonchija. Chimene ine ndimasamala nacho kwambiri ndi china. M'makatuni ena akale a Tom and Jerry muli mayi wachikuda wa m'nyumbamo, amene nthawi zambiri amangooneka miyendo ndi masilipasi, ndipo anajambulidwa motsatira kachitidwe konyoza anthu akuda kamene kanali ku America m'zaka zimenezo. Mulinso malo ena pamene chinthu chikaphulika nkhope imada n'kusanduka chithunzi chonyoza munthu wakuda. Zimenezo sindiziikira kumbuyo, ndipo ana anga zikabwera ndimaimitsa n'kuwafotokozera. Mu The Cat Concerto mulibe zimenezi, n'chifukwa china chimene ndikuti muyambire pamenepo.

Madzulo ano, magetsi akakhalapo, khalani pakati pa agogo ndi ana muionere limodzi, kenako mudzatiuze muno kuti munayamba kuseka pati. Ine malo anga ndi pa msampha paja, pamene zala zikudumphadumpha mbali zonse ziwiri, chala chisanagwidwe.