Funsani Amisiri: Wotchi ikunama, kapena mtima ndiwo wavuta?

Makalata a mwezi uno achuluka ndi a ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo ambiri akudandaula za mawotchi amakono oyeza kugunda kwa mtima. Tasankhapo asanu. Oyankha ndi amisiri a mafoni ndi mawotchi, mothandizana ndi wazachipatala.

FUNSO: Ndili ndi zaka 34. Ndimathamanga m'mawa uliwonse m'misewu ya m'minda ya tiyi pokonzekera Porters Race, mpikisano wothamanga wa paphiri la Mulanje. Ndikangonyamuka, thukuta lisanatuluke n'komwe, wotchi imalemba 172. Ndikafika pachitunda, ndili wefuwefu, imalemba 110. Cholakwika ndi mtima wanga kapena wotchi? — Wothamanga wa pa Chitakale, Mulanje

YANKHO: Achimwene, vulani wotchiyo muyang'ane kumimba kwake. Muona tinyali tobiriwira tikuthwanima. Wotchi simva mtima ayi, imangoona kuwala. Magazi amamwa kuwala kobiriwira, choncho mtima ukapopa, timitsempha ta pakhungu timadzaza ndipo kuwala kobwerera ku sensa kumachepa. Mtima ukapumira, kuwala kumachulukanso. Wotchi imawerenga kukwera ndi kutsika kumeneku, ndipo njirayi amaitchula kuti PPG. Vuto lake n'lakuti kusinthako n'kochepa zedi, moti wotchi ikangogwedera pang'ono pamkono, kugwederako kumaphimba zonse.

Tikukayikira kuti 172 wanuyo ndi mapazi anu, osati mtima. Othamanga ambiri amaponda pakati pa 160 ndi 180 pa mphindi. Phazi likagunda pansi wotchi imadumpha, ndiye ikasowa magazi oti iwerenge imagwira kudumphako n'kumati ndi mtima. Yesani chonchi: mukuthamanga, werengani mapazi onse awiri kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Nambalayo ikafanana ndi ya pawotchi, mwaigwira. Kenako imani, muike zala ziwiri (chala chachikulu ayi, chili ndi kugunda kwakekwake) pamtsempha wa pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge masekondi 15, muchulukitse kanayi. Zala zikanena 120 wotchi ili pa 170, khulupirirani zala.

Nanga magaziwo amasoweranji? Kuzizira. M'miyezi ya June ndi July, makamaka chiperoni chikakuta phiri, thupi limafinya timitsempha ta m'manja kuti lisunge kutentha mkati. Mkono wozizira, wouma, ulibe choti sensa ione. N'chifukwa chake bodza limachuluka m'mphindi 10 zoyambirira. Pachitunda napo mumakunga zibakera, minofu ya mkono imalimba n'kukankha magazi, wotchi n'kutaya kuwerenga. Komanso mwachibadwa imatsalira m'mbuyo ndi masekondi angapo mtima ukakwera mwadzidzidzi.

Chochita ndi ichi. Musavale wotchi pakafupa kotuluka ka pamkono. Ikwezeni zala ziwiri pamwamba pa kafupako, pamene pali mnofu. Pothamanga mangani lamba bowo limodzi kuposa masiku onse, kuti mukagwedeza mkono isaterereke ndipo kuwala kobiriwira kusaonekere m'mbali. Mukamaliza masulani. Pukutani kumimba kwake ndi kansalu konyowa, chifukwa mafuta odzola ndi thukuta louma zimachititsa khungu sensa, ndipo pali ena amene mpaka lero sanamatule kapulasitiki ka kufakitale. Yendani mwandawala mphindi 5 kapena 10, wotchi ili mkati mwa dzanja la juzi, musanadine batani loyambira. Khungu lakuda limamwa kuwala kobiriwira kwambiri kuposa loyera, ndiye kwa ife kuvala bwino wotchi si nkhani yamasewera.

Ngati mpikisanowo mwautengadi pamtima, gulani lamba wa pachifuwa ngati Polar H10 kapena Garmin HRM-Dual. Ameneyu amamva timagetsi ta mtima weniweniwo, saopa kuzizira, ndipo amalumikizana ndi foni kapena wotchi pa Bluetooth. Nyowetsani mbali yokhudza khungu musanavale. Kabatire kake n'kozungulira ngati ndalama yachitsulo: CR2025 pa Polar uja, CR2032 pa Garmin.

FUNSO: Mwana wanga anandigulira wotchi pamsika. Imaonetsa mtima, BP ndi shuga yemwe. Ine ndili pa mankhwala a BP. Kodi ndingamangodziyeza pakhomo osavutika ndi kupita kusikelo? Nanga usiku ikamalemba 52, ndide nkhawa? — Mayi wa ku Luchenza

YANKHO: Mayi, kusikelo musasiye, ngakhale mwezi umodzi. BP imayezedwa ndi kansalu kopopa kofinya mkono. Ngakhale mawotchi okwera mtengo a Samsung amene amayerekeza BP amafuna kuti milungu inayi iliyonse muwayanjanitse ndi makina enieni aja. Wotchi ya pamsika imene sinakufunsenipo zotere ikungolota manambala. Za shuga ndiye musayese dala. Mu February 2024 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kubaya khungu.

Ngakhale za mtimazo, ziyeseni kaye. Khalani pansi mphindi 5, muyerekeze wotchi ndi zala zanu. Kenako yendani mothamangirako mpaka mpweya ukwere, muyerekezenso. Mawotchi ena otchipa amangozungulira pakati pa 70 ndi 85, kaya mwagona, kaya mukusinja.

Munthu wamkulu akakhala phee mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo m'tulo umatsika. Mankhwala ena a BP, monga atenolol ndi propranolol, amautsitsanso. Choncho 52 usiku payekha saopsa, koma mukauze adokotala tsiku la sikelo. Chizungulire, kukomoka, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, zimenezo n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, wotchi inene zotani.

FUNSO: Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Wotchi yanga ili yatsopano inkatha sabata. Pano miyezi 8 yokha, tsiku limodzi ndi theka yathima. Batire lafa? — Wakabaza wa pa Bvumbwe, Thyolo

YANKHO: Mwina, koma musathamangire kukatsegulitsa, achimwene. Batire la wotchi ndi kanthu kakang'ono, nthawi zambiri pakati pa 200 ndi 500 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga), pamene la foni limafika 5,000. Kalikonse kowonjezera kamaoneka msanga. Zodya moto kwambiri ndi GPS, sikirini yoyaka nthawi zonse, kuyeza mpweya wa m'magazi usiku wonse, ndi mauthenga. Ngati muli m'magulu khumi a WhatsApp ndipo uthenga uliwonse umanjenjemeretsa wotchi n'kuyatsa sikirini, batire silingafike patali. Kwa inu palinso china. Pali setingi yoyatsa sikirini mukatukula mkono, ndipo pamabampu ndi pokhota wotchi imayesa kuti mukufuna kuona nthawi, n'kumayaka tsiku lonse inu osadziwa. Izimitseni. Wotchi yokhwepa nayo imamaliza batire, chifukwa sensa ikamasowa magazi imalimbikira kufufuza.

Kuti mudziwe chenicheni, itchajeni ifike 100, muzimitse Bluetooth, kuyeza mtima ndi sikirini yosazima, muisiye patebulo usiku wonse. Ikatsika ndi maperesenti awiri kapena atatu, batire lili bwino, vuto ndi masetingi. Ikatsika ndi 20, kapena ikamathima ili pa 30, batire latopa. Musanaliweruze, ilekeni ithe mpaka izime yokha, muitchaje mosadukiza mpaka idzaze. Nthawi zina chosokonekera chimakhala chowerengera maperesenti chabe. Muchite zimenezi kamodzi, chisakhale chizolowezi, pakuti batire la lithium silikonda kufika pa ziro kawirikawiri.

Chimene chimapha batire lisanakalambe ndi kutentha. A Apple amati batire la wotchi yawo limayenera kusunga 80 peresenti ya mphamvu zake litatchajidwa modzaza ka 1,000, ndipo amalangiza kuti wotchiyo izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Kuitchajira pazenera padzuwa la October, pansi pa mpando wa njinga pafupi ndi injini, kapena pansi pa pilo, n'kulifupikitsa moyo.

FUNSO: Kuno timadalira sola ndi pawabanki. Ndikalumikiza wotchi imayamba bwino, koma pakapita kanthawi ndimapeza yasiya ili pa 40. — Mphunzitsi wa ku Thekerani

YANKHO: Aphunzitsi, wolakwa ndi pawabanki. Wotchi imakoka moto wochepa kwambiri, ndiye pawabanki zambiri zimaganiza kuti palibe cholumikizidwa n'kudzizimitsa. Zina zili ndi njira yotchajira tizipangizo tating'ono: dinani batani lake kawiri motsatizana, kapena kulidina osasiya kwa masekondi angapo. Ngati yanu ilibe, lumikizani foni pabowo linalo nthawi yomweyo kuti isagone.

Yang'ananinso timadontho tachitsulo kumimba kwa wotchi. Thukuta lili ndi mchere, ndipo ndi chinyezi cha kwanuko timadonthoto timachita dzimbiri lobiriwira kapena lakuda. Nyowetsani kathonje ndi sipiriti, mupukute, mudikire paume. Singano kapena lezala ayi, mukanda golide wopyapyala amene anakutirapo. Maginito a tchaja amatolanso tizitsulo ta m'fumbi, ndipo timano take tina timatitimira osabwerera. Tidineni ndi chikhadabo muone ngati tikudumpha. Wotchi imafuna mavoti 5 basi. Osaitchaja ili yonyowa.

FUNSO: Ndimaperekeza alendo kuphiri. Tikagona pa Chisepo kuti m'mawa tikwere Sapitwa, wotchi imadzuka itatha. Komanso masiku ano galasi lake latukuka mbali imodzi. — Woperekeza alendo wa ku Likhubula

YANKHO: Bambo, apa pali nkhani ziwiri. Kuzizira kwa kumtunda kuja, kufupi ndi nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, kumafooketsa batire kwa kanthawi chabe, ndipo likafunda mphamvu imabwerera. Ikadzakonzedwa, muzigona mutaivala kapena muziiika m'chikwama chogonamo, ndipo GPS muziimitsa mukafika pamalo ogona, osangoipumitsa.

Koma galasi lotukukalo ndi batire lotupa, ndipo limatha kuyaka. Lekani kuivala ndi kuitchaja lero lomwe. Musalikanikize galasilo kuti libwerere, musaboole, musamate ndi guluu. Iikeni m'chitini chopanda chivindikiro pasimenti, kutali ndi nsalu ndi moto, mpaka mutaipereka kwa mmisiri. Akasintha batire, funsani ngati aikanso chomatira chatsopano chotchinga madzi. Ngakhale atero, wotchi yotsegulidwapo musadzalowe nayonso pa Dziwe la Nkhalamba.