Tothirira Oyilo pa Makina Osema Zitsulo

Funso: Pa makina anga a lathe, timipira tachitsulo totseka mabowo othirira oyilo talowa mkati ndipo sitikubwerera. Kodi ndikonze kapena ndisinthe? Nanga girizi angagwire ntchito?

Yankho: Kampira kameneka kamakankhidwa ndi sipuling'i yaing'ono kuti fumbi ndi tizidutswa tachitsulo zisalowe, choncho kakakanirira pansi, dothi lonse limatsikira pamalo pomwe zitsulo zimakhudzana n'kuyamba kuzidya. Yambani mwadonthezapo palafini ndi kukagogoda pang'ono ndi waya wofewa. Kakapanda kubwerera, mwina sipuling'i yathyoka, ndipo kusintha kothirira konseko ndiko kwanzeru.

Tothirira tambiri timangokhomeredwa m'bowo, kawirikawiri la mamilimita 6, 8 kapena 10, ndiye yezani bwino musanagule. Pochotsa kakale, lowetsani sikuluwu yosongoka pakati pake, muipane ndi kuizula molunjika, mosamala kuti kampira ndi sipuling'i zisatsalire mkati. Tsukani ngalande ya oyilo mpaka iyere, chifukwa kuika katsopano pangalande yotsekeka n'kungotaya nthawi. Pokhomera, ikani kamtengo kolimba pamwamba pake kuti hamala isakaphwanye mlomo.

Za girizi, chonde musayese pamalo omwe anapangidwira oyilo, ngakhale kothirirako katafanana ndi ka girizi. Girizi amagwira tizidutswa tachitsulo, amauma m'ngalande, ndipo oyilo safikanso pofunika. Panjanji zomwe makina amatsetserekapo, ambiri amagwiritsa ntchito oyilo wa ISO VG 68 (nambala yosonyeza kukhuthala kwa oyilo), koma tsatirani zomwe buku la makina anu likunena.