Vinyo uja sanawonongeke achemwali, akungofuna nyama

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena aku Highfield kuno ku Harare. Akuti alamu awo anawabweretsera mabotolo awiri a vinyo wofiira kuchokera ku Joni, olembedwa kuti Pinotage (dzina la mtundu wa mphesa) komanso "dry", atatsegula botolo limodzi nkulawa mkamwa monse munangouma ngati adya nthochi yosapsa. Ndiye akufunsa kuti kodi ndi wowonongeka, ndipo ngati ali bwinobwino amwere chakudya chanji poti botolo linalo akufuna atsegulire alendo Lamlungu.

Achemwali musataye chonde, vinyoyo alibe vuto. Mawu oti dry akungotanthauza kuti shuga wa mphesa uja anasanduka mowa pafupifupi yense pomwe vinyo amawira, nde simumva kutsekemera ngati vinyo wa mubokosi amene tinazolowera kumaukwati. Kuuma mkamwa kuja ndi nkhani ina, kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa, amati tannin, zomwezija mumamva mukaiwala masamba a Tanganda mu tipoti tiyi nkuda kwambiri. Wowonongeka weniweni mumudziwa ndi mphuno, amanunkha ngati viniga kapena ngati katoni yonyowa yomwe yakhalitsa pakona.

Choyamba kutentha. Kuno ku Harare mu Okutobala botolo likakhala pa kabati limafunda ndipo vinyo wofunda amangomveka mowa wokhawokha kuwotcha kukhosi, liikeni mu filiji mphindi 20 kapena 30 lifike cha m'ma digiri 16 mpaka 18, lozizirira chabe osati ngati Fanta. Thirani pang'ono, osafika ndi theka la tambula, muzungulitse, mununkhize kaye. Pa Pinotage ine ndimamva ma plum akupsa ndi kautsi kapatali ngati pamene nkhuni zangozima. Kenako kamweni pang'ono, musameze msanga, kayendetseni mkamwa monse.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna muyese nokha. Wotchani kanyama ka ng'ombe kokhala ndi mafuta m'mbali, muthire mchere okhaokha. Imwani vinyo kaye, mumva kuuma kuja. Lumani nyama, tafunani bwinobwino, imwaninso. Ndinachita zimenezi ndi azakhali anga pakhonde ku Mufakose, iwo anali atakwinya kale nkhope atalawa koyamba, koma atadya nyama nkumwanso anayang'ana mu tambula nkundifunsa ngati ndawasinthira botolo. Mafuta ndi mchere zimafewetsa kuuma kuja, vinyonso amatsuka mafuta mkamwa nde nthuli yotsatira imakoma ngati yoyamba. Nchifukwa chake nyama yowotcha ngati ya pa Mereki, malo otchuka owotchera nyama ku Harare, mchira wa ng'ombe wophika maola ambiri, mang'ina, mbuzi yokazinga, zonsezi zimagwirizana naye kwambiri, ndipo nsima musachite nayo manyazi, ndiyabwino kuposa mpunga pa nkhaniyi poti imanyamula msuzi. Nyemba zophika ndi tomato ndi anyezi zimayendanso kwa amene sadya nyama.

Nsomba ayi. Matemba kapena bream yaku Kariba ndi vinyo ameneyu mkamwa mumamveka ngati mwanyambita supuni yadzimbiri. Tsabola naye chepetsani, ndikudziwa ife Nali sitimusiya koma akakumana ndi vinyo wa mowa wofika 14% moto wake umawirikiza, muikeni pambali aliyense adzithirira yekha. Keke ndi zotsekemera zidikire tiyi, zimapangitsa vinyo kumveka owawasa.

Zimandiwawa ndikamva anthu akuti vinyo ndi wa azungu ife sitingamudziwe. Pinotage yemweyo ndi mphesa ya kuno kummwera, anaipanga Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Ndipo mu 2017 anyamata anayi a kuno ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anapita ku France kukapikisana pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo, anthu oti anakulira sadza, nsima yathuyi, ngati ife tomwe. Nyamudoka pano ali ndi vinyo wakewake wotchedwa Kumusha.

Botolo munatsegula kale lija ngati ladutsa masiku anayi kapena asanu musapatse alendo, thirani mu mphika wa mchira uja kapu imodzi nyama ikayamba kufewa. Linalo mutsegule kwatsala theka la ola kuti mudye, ndipo mundilembere momwe alendo anenera.